Mafunso ndi mayankho: kukulitsa start-up kukhala kampani yaikulu, ndi chifukwa chake amayi amavutika kwambiri

Kuyamba bizinesi ndi ntchito ina, kuikulitsa ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Kwa amayi khomo limachepa pa nthawi yomweyo imene kampani yayamba kufuna ndalama zambiri. Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera pa nkhaniyi, pena ndayankha mwachidule pena ndatalikitsa poti pali zambiri zoti tikambirane.

Kodi kukula kwake mukutanthauza chani? Si kungogulitsa zambiri basi?

Si zokhazo. Mukagulitsa kawiri kuposa chaka chatha koma zotuluka nazonso zakwera kawiri, inuyo mukugonanso mochedwa kuposa kale, ndiye kuti mwangochulukitsa kutopa. Kukula kwenikweni ndi pamene zolowa zikukwera mofulumira kuposa zotuluka, komanso ntchito ikuyenda olo mwini wake atadwala mwezi wathunthu. Bungwe la mayiko loona za chuma la OECD limati kampani yokula mwachangu ndi yomwe ili ndi antchito osachepera 10 ndipo kwa zaka zitatu ikukula ndi zoposa 20 peresenti pa chaka. Makampani otere ndi ochepa kulikonse. Nanga zija amazitcha ma unicorn, zofika mtengo wa madola 1 biliyoni, ndiye zosowa zedi. Aileen Lee, mayi amene anabweretsa dzinali mu 2013, atawerenga makampani a software aku America omwe anayamba kuchokera mu 2003 anangopeza 39 basi.

Maoda akuchuluka koma ndalama sindikuziona, zikupita kuti?

Funso ili ndi lomwe limandikhudza kwambiri chifukwa limagwetsa anthu akhama omwe katundu wawo akuyenda bwinobwino.

Tinene kuti mumapanga mafuta odzola, ndiye shopu yaikulu ya nthambi zambiri yakupatsani oda ya makatoni 5,000. Tsiku limenelo chimwemwe chokhachokha. Koma wokugulitsani zipangizo akufuna ndalama zake musananyamule katundu, wa mabotolo chimodzimodzi, mwalemba anthu ena kuti oda ithe pa nthawi yake ndipo malipiro awo sadikira, pomwe pa kontrakiti palembedwa kuti shopu ija idzalipira pakatha masiku 60 kapena 90 chiperekereni katundu. Ndiye pa pepala phindu lilipo, akauntanti akukuonetsani kuti zinthu zili bwino, koma mwezi ukamatha mukatsegula akaunti pa foni mukupeza yolipira antchito siikukwana. Oda yachiwiri ikabwera yoyamba ija isanalipiridwe, dzenje limangokulirakulira.

Dziwani nambala imodzi iyi: pamadutsa masiku angati kuchokera pomwe mwalipira zipangizo mpaka pomwe kasitomala wakulipirani. Ikatalika, kukula kulikonse kumafuna mpamba wina. Pemphani dipoziti, kambiranani ndi okugulitsani zipangizo kuti nawonso akupatseniko masiku, ndipo sabata iliyonse muzilemba zolowa ndi zotuluka za miyezi itatu ikubwerayo, osadikira lipoti la kumapeto kwa chaka. Pena oda yaikulu imafunika kuikana ndithu ngati ndalama yoinyamulira palibe.

Kodi kampani ingakule msanga mopyola muyeso?

Eya, ndipo zimapha. A Startup Genome mu 2011 anafufuza ma start-up (makampani ongoyamba kumene ofuna kukula msanga) oposa 3,000 n'kupeza kuti pafupifupi 70 pa 100 aliwonse anathamangira kukula nthawi isanakwane, kulemba anthu ambiri, kuthira ndalama pa zotsatsa, asanatsimikize kuti anthu akuchifunadi chomwe akugulitsacho. Webvan, kampani yaku America yobweretsera anthu magolosale pakhomo, inasaina mgwirizano wa madola 1 biliyoni ndi Bechtel womanga nyumba zosungiramo katundu m'mizinda yambirimbiri pomwe phindu inali isanayambe kupanga, mu 2001 inagwa. WeWork, kampani yobwereketsa maofesi, inawerengeredwa madola 47 biliyoni kumayambiriro kwa 2019, pofika November 2023 inali ku khothi kulengeza kuti ngongole zaikanika.

Apa ndiwonjezereko chinthu chimodzi. Adam Neumann amene anayambitsa WeWork, mu 2022 anapatsidwanso madola pafupifupi 350 miliyoni ndi Andreessen Horowitz, kampani yoika ndalama m'ma start-up, kuti ayambe kampani ina. Amayi ambiri olo mwayi woyamba wa ndalama zotere sauona, tsono wachiwiri ndiye osanena.

Zoonadi kuti amayi amalandira ndalama zochepa kwa ma investor (oika ndalama m'makampani), kapena ndi kudandaula chabe?

Manambala alipo. Ku America, malinga ndi PitchBook, makampani oyambitsidwa ndi amayi okhaokha amalandira pafupifupi 2 peresenti ya ndalama zonse za venture capital (ndalama zomwe ma investor amaika m'ma start-up posinthana ndi masheya), ndipo nambalayi yakhala ikungozungulira pomwepo kwa zaka zambiri. Ku Britain lipoti la British Business Bank la 2019 linati pa paundi iliyonse, matimu a amayi okhaokha ankalandira zosakwana peni imodzi pomwe a abambo okhaokha ankatenga mapeni 89. Mu Africa, World Bank pamodzi ndi Briter Bridges anapeza mu 2021 kuti pa ndalama zomwe zinalowa m'ma start-up kuyambira 2013, amayi okhaokha analandira 3 peresenti, abambo okhaokha 76 peresenti. Komanso mayi akapeza investor, kawirikawiri cheke chake chimakhala chocheperapo, ndiye amabwerera kukapemphanso msanga anzake akadali ndi ndalama zogwirira ntchito.

Mwina ndi chifukwa mabizinesi a amayi sapindula kwambiri, kapena sadziwa kufotokoza bwino?

Ganizo limeneli ndimalimva pafupipafupi, ndipo kafukufuku sakugwirizana nalo. Mu 2014 Alison Wood Brooks ndi anzake anaonetsa anthu mavidiyo ofotokoza bizinesi, mawu ake omwewo, zithunzi zomwezo, chosiyana chinali liwu la wofotokozayo basi, pena la bambo pena la mayi. Anthu 68 pa 100 anasankha ya liwu la bambo. Mu 2018 Boston Consulting Group ndi MassChallenge anaunika makampani 350 n'kupeza kuti omwe mwa oyambitsa ake munali amayi analandira ndalama zosakwana theka la zomwe a abambo okhaokha analandira, komabe pa dola iliyonse yomwe anapatsidwa anabweretsa masenti 78, a abambo masenti 31.

Chomwe chikuchitika ndi chakuti ambiri mwa osaina macheke ndi abambo, ndipo ndalama zimenezi zimayenda mwa kudziwana, wina amene anaphunzira naye kapena anagwira naye ntchito amamuuza kuti uyu umuone. Amene sali m'gulumo imelo yake imangokhala osawerengedwa. Palinso zoti mayi akabwera ndi chinthu chothandiza amayi anzake, monga za umoyo wa amayi kapena za kulera ana, omumvera aja sakuudziwa msikawo ndiye amauyesa waung'ono pomwe ndi theka la anthu onse pa dziko.

Akuti mafunso omwe amayi amafunsidwa amasiyana ndi a abambo, zikutanthauza chani?

Uyu ndi kafukufuku wa Dana Kanze ndi anzake, anamvetsera zokambirana za makampani 189 pa mipikisano ya TechCrunch Disrupt ku New York kuyambira 2010 mpaka 2016. Abambo ankafunsidwa kwambiri za kupambana: msika uwu muutenga bwanji, makasitomala atsopano muwapeza kuti, pakatha zaka zisanu mudzakhala pati. Amayi ankafunsidwa za kupewa kugwa: makasitomala muli nawowa muwasunga bwanji, mudzasiya liti kuluza, nanga kampani yaikulu ikapanga zomwezi mudzatani. Ndipo olo ma investor achizimayi ankafunsa chimodzimodzi. Omwe anafunsidwa kwambiri za kupambana anapeza ndalama zokwana pafupifupi madola 16.8 miliyoni pa avareji, enawo 2.3 miliyoni.

Taganizirani mwapatsidwa mphindi khumi, zonse mwathera kudziteteza, amene akumverayo atuluka m'chipindamo mutu uli wodzaza ndi zoopsa zokhazokha za bizinesi yanu, za kukula kwake sanamveko olo pang'ono.

Ndiye ndikafunsidwa choncho ndiziyankha bwanji?

Yankhani funsolo, osalizemba, koma musathere pomwepo. Akati "nanga opikisana nanu akakulandani makasitomala?", nenani mwachidule nambala yanu yeniyeni, mwachitsanzo kuti pa makasitomala 10 a chaka chatha 9 akadali nanu, kenako mutembenuzire ku kukula, msika wonse ndi waukulu bwanji, gawo lomwe simunalifike ndi liti, ndalama mukupemphazi zikufikitsani pati. Pa kafukufuku yemwe uja, omwe anayankha motembenuza chonchi anapeza madola pafupifupi 7.9 miliyoni, omwe anangodziteteza anapeza 563,000.

Komabe ndinene poyera, si chilungamo kuti mayi ndi amene aziphunzira kukonza funso lokhota. Luso limeneli ndi lokuthandizani lero, koma ofunika kusintha ndi ofunsawo.

Nanga bwanji osangopita ku banki?

Banki imafuna chikole, nyumba kapena malo, ndipo m'maiko ambiri mapepala a zinthu zimenezi amakhala m'dzina la mwamuna. Komanso start-up ya pa intaneti ilibe chogwirika choti banki ilande, ili ndi makompyuta ochepa ndi nzeru za anthu basi. IFC, nthambi ya World Bank yoona za mabizinesi, inawerengera mu 2017 kuti mabizinesi ang'ono ndi apakati a amayi m'maiko omwe akutukuka kumene akuperewera ngongole zokwana madola pafupifupi 1.7 thililiyoni, ndipo African Development Bank inawerengera kuti mu Africa mokha kuperewerako kunali madola 42 biliyoni, n'chifukwa chake inayambitsa ndondomeko ya AFAWA yothandiza amayi kupeza ngongole za bizinesi. Malamulo nawo sanafike. Lipoti la World Bank la 2024 linati amayi pa dziko lonse ali ndi magawo osakwana awiri mwa atatu a ufulu womwe malamulo amapereka kwa abambo. Olo ku America, mpaka mu 1988 m'zigawo zina mayi ankafunika wachibale wamwamuna amusainire ngongole ya bizinesi, si kale kwenikweni.

Kiran Mazumdar-Shaw anayamba Biocon mu 1978 m'galaja ku Bangalore ali ndi zaka 25, mabanki ankawakana poti anali mtsikana wachichepere ndipo ntchito ya biotechnology sankaidziwa. Kampaniyo inalowa pa msika wa masheya mu 2004 ndipo pano ndi imodzi mwa zazikulu zopanga mankhwala ku India. Ngongole ya banki imathandiza mukakhala ndi maoda otsimikizika ndi mabuku aukhondo, ndiye akaunti ya bizinesi muisiyanitse ndi ya pakhomo kuyambira tsiku loyamba.

Kodi ndingakule popanda investor?

Zimatheka. Sara Blakely anayamba Spanx ndi madola 5,000 omwe anasunga akugulitsa makina a fax, ndipo kwa zaka zoposa 20 sanalandire ndalama za investor, mpaka mu 2021 pomwe Blackstone inagula gawo lalikulu kampaniyo itawerengeredwa madola 1.2 biliyoni. Mailchimp nayo inakula ndi ndalama za makasitomala ake, Intuit inaigula madola 12 biliyoni chaka chomwecho. Njira imeneyi imayenda ngati katundu wanu akubweretsa ndalama msanga ndipo phindu pa chinthu chimodzi ndi labwino. Koma ngati mukupanga mankhwala ofunika zaka zambiri za kuyeza, kapena mukumanga fakitale, kapena wopikisana nanu wapatsidwa mamiliyoni oti agulitse motchipa mpaka inu mutope, ndalama zakunja simungazithawe.

Ine maganizo anga ndi akuti si kampani iliyonse yofunika venture capital. Ndalama zimenezi zimabwera ndi wotchi, fandi zambiri zimakhala ndi zaka pafupifupi 10 zoti zibweze ndalama kwa eni ake, ndiye adzakukankhani kuti mukule mwachangu kenako mugulitse kaya mulowe pa msika wa masheya. Ngati si zimene mukufuna, bola kukula pang'onopang'ono. Chomwe chimandipweteka ndi pamene mayi akuyenda njira yapang'onopang'ono mosafuna, chifukwa choti njira inayo anamutsekera.

Ndikalandira ndalama, kampani ikhalabe yanga?

Tiwerengere limodzi. Mukagulitsa 20 peresenti pa ulendo woyamba mutsala ndi 80. Ulendo wachiwiri 20 peresenti ina, mutsala ndi 64. Wachitatu, 51. Apa sitinachotse masheya a mnzanu woyamba naye kapena omwe mwasungira antchito. Ndiye taonani kugwirizana kwake ndi zija za macheke ang'onoang'ono, amene kampani yake yawerengeredwa motsika amapereka gawo lalikulu pa ndalama zochepa, ndipo amabwereranso msanga kukagulitsa gawo lina.

Masheya si okhawo oyang'ana. Onani kuti mu bodi mukhala ndani ndipo mavoti ali bwanji, poti bodi ndi imene imachotsa bwana wamkulu. Onaninso ndime ija imati kampani ikagulitsidwa investor ayambe watenga ndalama zake ena onse asanagawane, pena amafuna kawiri ya zomwe anaika, ndiye kampani itagulitsidwa motchipa inu mutha kutuluka chimanjamanja. Noam Wasserman ali ku Harvard Business School anafufuza ma start-up 212 aku America n'kupeza kuti pofika chaka chachitatu theka la oyambitsa sanalinso mabwana akulu, ndipo osakwana mmodzi mwa anayi ndi omwe anafikitsa okha kampani pa msika wa masheya. Olo Steve Jobs, mmodzi mwa oyambitsa Apple, anachoka ku kampaniyo mu 1985 atasemphana ndi bodi. Pezani loya wanu wanu wodziwa za mapangano amenewa, osadalira loya wa investor kuti akufotokozereni.

Antchito akuchuluka ndipo zinthu zayamba kusokonekera, ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse, mwangofika pomwe kayendetsedwe kakale kathera. Muli anthu 8 aliyense amamva zonse, mukalankhula kamodzi nkhani yatha. Mukafika 50 uthenga umafika utasintha, awiri akugwira ntchito imodzi pomwe ina palibe akuigwira, ndipo aliyense akudikira inu kuti musaine olo zogula mapepala a mu ofesi. Mutu umodzi susenza denga. Lembani momwe ntchito iliyonse imayendera, ikani mamanijala ndipo muwapatsedi mphamvu zosankha, kuphatikizapo mphamvu yolakwitsa pa zinthu zazing'ono. Lembani munthu wa zachuma msanga kuposa momwe mukuganizira.

Chowawa kwambiri ndi cha anthu omwe munayamba nawo. Amene anali katswiri muli asanu si nthawi zonse angatsogolere anthu 40, ndipo kumuuza zimenezi munthu amene anagwira nanu miyezi yopanda malipiro ndi kovuta zedi. Muuzeni msanga, mwaulemu, mumupezere malo omuyenera ngati alipo. Amayi pamenepa amakumananso ndi zina, bambo akachotsa munthu ntchito amati ndi mtsogoleri wolimba mtima, mayi akatero amati ndi wankhanza, akadekha amati ndi wofooka. Simungakondweretse onse, chitani zomwe kampani ikufunika ndipo muzilemba zifukwa zake.

Nanga ana ndi banja? Investor wina anandifunsa ngati ndikufuna kudzabereka.

Funso limenelo abambo safunsidwa, ndipo simukukakamizidwa kuliyankha. Mutha kungoti "kampani ili ndi dongosolo loti iziyenda aliyense wa ife atachokapo kwa kanthawi", n'kufotokoza dongosololo. Komanso mwaphunzirapo kanthu za munthu amene akufuna kukhala mu bodi yanu kwa zaka zambiri.

Vuto la nthawi ndiye ndi lenileni. ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, inawerengera mu 2018 kuti amayi amagwira magawo atatu mwa anayi a ntchito yonse yosalipidwa yosamalira ana, odwala ndi pakhomo, kuposa katatu nthawi yomwe abambo amathera pa ntchito zomwezo. Ndipo zaka zokulitsa kampani, za maulendo ndi misonkhano yamadzulo komwe anthu amadziwanirana, kwa ambiri ndi zaka zomwezo za ana aang'ono. Katrina Lake wa Stitch Fix mu 2017 ndi Whitney Wolfe Herd wa Bumble mu 2021 anaonekera atanyamula ana awo tsiku lomwe makampani awo ankalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq, zithunzi zimenezo zinalimbikitsa ambiri, koma kuseri kwake kumakhala anthu othandiza omwe pa chithunzi saoneka. Ndiye kambiranani ndi amuna anu kapena abale za kugawana ntchito za pakhomo kampani isanafike potentha, ndipo ndalama yolipira wolera ana muziiwerengera ngati ndalama yoyendetsera ntchito, musamachite nayo manyazi.

Ndakanidwa kambirimbiri, komanso zaka zapita. Ndisiye?

Melanie Perkins anakanidwa ndi ma investor oposa 100 Canva isanatsegulidwe mu 2013, pofika 2021 inawerengeredwa madola 40 biliyoni. Falguni Nayar anayamba Nykaa mu 2012 akuyandikira zaka 50 atagwira ntchito nthawi yaitali ku Kotak Mahindra, kampaniyo inalowa pa msika wa masheya mu 2021. Kafukufuku wa Pierre Azoulay ndi anzake anapeza kuti ku America oyambitsa makampani okula mwachangu kwambiri amakhala ndi zaka pafupifupi 45 poyamba. Ndiye zaka si chifukwa chosiyira.

Koma musamangowerenga kuti ndakanidwa kangati, muzilemba chifukwa chomwe aliyense wapereka. Ambiri akamabwereza chinthu chimodzi, monga choti makasitomala anu sakubwereranso kudzagula, chimenecho ndi chofunika kukonza ndipo akuthandizani. Akamangoti "n'koyambirira, tidzaonane" pomwe malonda akukwera mwezi ndi mwezi, vuto lili kwa iwowo, sakani ena. Oyambitsa makampani omwe analandirapo kale ndalama ndi amene angakulumikizeni bwino, apempheni mwachindunji.

Mapologalamu ophunzitsa amayi za bizinesi aja akuthandiza?

Ena akuthandiza, makamaka omwe amakulumikizani ndi ogula ndi oika ndalama enieni. Koma ambiri amathera pa maphunziro, satifiketi ndi chithunzi, ngati kuti chomwe amayi akusowa ndi nzeru. Mayi amene wayendetsa kampani zaka zisanu n'kumalipira antchito mwezi ndi mwezi sakufunika semina ina ya kudzikhulupirira, akufunika cheke ndi kontrakiti. Musanalowe pologalamu funsani kuti omwe anamaliza chaka chatha analandira ndalama zingati, ndipo anapeza makasitomala angati kudzera mwa iwo.

Makampani akuluakulu ali ndi chida champhamvu chomwe sachigwiritsa ntchito, kugula. WEConnect International imati pa ndalama zomwe makampani akuluakulu amagulira katundu ndi ntchito, zosakwana 1 peresenti ndi zomwe zimapita ku mabizinesi a amayi. Kontrakiti imodzi ya zaka ziwiri yolipira pa masiku 30 imatsegula chitseko cha banki, imachepetsa dzenje lija la pakati pa oda ndi malipiro, ndipo mayi satayapo sheya olo imodzi. Ma investor nawo atha kuyamba ndi zinthu zosavuta, kufunsa aliyense mafunso ofanana, kuwerenga mapempho a anthu omwe sanabwere kudzera mwa mnzawo, ndi kuwerengera poyera kuti ndalama zawo zapita kwa ndani. Ku Britain pali Investing in Women Code yomwe inayamba mu 2019, mabanki ndi mafandi omwe asaina amalonjeza kupereka manambala amenewa chaka chilichonse, ndiye ngati mukusaka ndalama kumeneko yambani mwaona ngati amene mukukakumana nayeyo anasaina.